Mphini za Dona Arakisi

Ndikakumbukira Lusaka wa ubwana wanga, chimene chimayamba kundibwerera si fumbi la ku Kabwata kapena mabelu a njinga za amuna opita kuntchito mmamawa, koma khoma la m'chipinda chakuseri kwa situdiyo ya Bwana Hagopu. Pakhomapo panali zithunzi za munthu mmodzi yemweyo, zitandandalikidwa mzere kuchokera pachitseko mpaka pawindo. M'chithunzi choyamba anali mtsikana wa tsitsi lakuda lolukidwa pawiri, m'chotsiriza anali mayi wonenepa pang'ono wa imvi m'mbali mwa mutu, koma m'zithunzi zonsezo nkhope inali yosalala ngati dzira lophika losenda, yopanda ngakhale kachiphuphu. M'chipindamo munkanunkha mankhwala otsukira zithunzi, owawasa m'mphuno ngati viniga, ndiponso khofi wakuda amene mwini nkhopeyo, Dona Arakisi, ankawiritsa m'kapoto ka mkuwa. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo zithunzizo ndinkaziwerenga ndi chala tsiku lililonse ngati kuti zingabereke.

Anali masiku a Chitaganya. Ife tinali Ayao ochokera kumapiri a ku Namwera, ku Nyasalande, ndipo tinkakhala ku Kabwata m'kanyumba kozungulira kofolera ndi udzu, kamodzi mwa tinyumba tija tomangira amuna osakwatira koma momwe munadzaza mabanja. Ababa anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la situdiyo, m'kamsewu kakuseri kwa msewu wa Cairo, pomwe sitolo za azungu zinkathera n'kuyamba za Amwenye. Bwana Hagopu anawalola kukhala pamenepo chifukwa ntchito zawo zinkadyetsana: munthu akabwera kudzajambulitsa chithunzi chotumiza kumudzi, malaya atang'ambika pakhosi, Ababa ankamusokera msanga, kapena kumubwereka jekete lawo lakuda lomwe linkapachikidwa pamsomali. Jekete limenelo linayenda kuposa mwini wake. Ndikhulupirira kuti mpaka lero lili m'zithunzi za m'masutikesi ku Luapula ndi ku Chipata, litavalidwa ndi amuna osadziwana. Bwana Hagopu ndi akazi awo anali oyera khungu, koma azungu a ku Woodlands ndi Kabulonga sankawaitana kumaphwando. Ena ankati ndi Agiriki, ena ankati Ayuda. Eni ake ankati ndi Aameniya, mtundu wa Akhristu wa kumapiri akutali kupitirira Iguputo, ndipo mu Lusaka monse sindinamvepo za wina wa mtundu umenewo kupatula awiriwo.

Tikaweruka kusukulu masana, Amayi ankakhala ali kumsika ndi dengu lawo la zitumbuwa, choncho ine ndinkapita kwa Ababa. Kumeneko ndi kumene Dona anandipeza tsiku lina ndikusoka kachidole ndi tizidutswa ta nsalu, ndipo anandikodola ndi chala. Iwo analibe mwana. Anandiphunzitsa kalukidwe kakwawo, kopanda nsalu pansi, singano ndi ulusi basi, mfundo pamwamba pa mfundo inzake mpaka papangike duwa. Ndikalakwitsa ankandigogoda padzanja n'kunena kuti, "Iwe, maso yako yali kuti?" kenaka n'kundipatsa mkate wopyapyala wopaka uchi, moti nthawi zina ndinkalakwitsa dala. Koma Dona sankawapatsa moni Ababa. Akamadutsa pakhonde ankayang'ana kumbali, ndipo nthawi ya swala, pemphero lathu lachisilamu la masana, ikakwana, Ababa n'kukonza mzuli wawo woyera kumutu n'kuyala kamkeka kuseri kwa nyumba, ndinkamva Dona akutseka windo mwamphamvu. Ababa sanadandaulepo. Anangosamutsa kamkeka kawo n'kumakayala kuseri kwa mgolo wa madzi, ndipo nditawafunsa anati ndiwasiye mayi aja, pali chimene anaona.

Za zithunzi zija anandiuza ndi Bwana Hagopu. Dona anali ndi mng'ono wawo, dzina lake Takuhi, amene anasiyana naye ali ana, m'nkhondo yoyamba ija ya dziko lonse, ndipo sankadziwa ngati ali moyo. Chaka chilichonse nyengo yachisanu ikafika, Bwana ankajambula akazi awo n'kutsuka zithunzi ziwiri. China ankapachika pakhoma, china ankatumiza kwa wansembe wina wa mtundu wawo ku Siriya, amene ankayenda m'midzi ya m'mphepete mwa chipululu akuonetsa anthu zithunzi za ofuna abale awo. Zaka zoposa makumi atatu zinatha chomwecho, yankho osabwera. Chaka chimene ndikunenachi, Bwana anali atayamba kuchita ng'ala m'maso onse awiri. Ankachita kupapasa pofuna chivindikiro cha kamera, ndipo anali atagwirizana kale ndi Mmwenye wina kuti mvula ikayamba amugulitse situdiyo. Wansembe ujanso anali atalemba kuti miyendo yamuthera, ulendo wa chaka chimenecho ndi womaliza. Tonse pakhondepo tinkadziwa kuti chithunzi cha chaka chimenecho chikapita pachabe, Takuhi sadzapezekanso.

Chisanu chake chinali choluma. Mphepo inkachokera kumadambo n'kulowa m'ming'alu ya chitseko, utsi wa mbaula unkagona pamwamba pa Kabwata mpaka dzuwa kukwera, milomo yathu inang'ambika, ndipo Amayi ankatidzoza mafuta mpaka tinkanyezimira ngati zitumbuwa zawo zomwe. Dona anagwidwa ndi chimfine cholimba. Amayi atamva anandipatsira masamba a bulugamu ndi a ndimu, n'kundiuza kuti ndikawawiritsire madzi afukize. Dona anaseka koma anavomera. Anafunda bulangete pamwamba pa beseni, ndipo pamene anavundukula, thukuta lili kamukamu, phaudala amene ankadzola mochindikala tsiku lililonse anali atasungunuka n'kutsikira m'khosi. Pamenepo ndi pamene ndinaona. Kuchokera pamlomo wam'munsi kutsika pachibwano panali mizere itatu ya mtundu wa buluu wochapira, ndipo mbali iliyonse kunali timadontho tinayi. Iwo sanadziwe kuti ndaona. Anapukuta nkhope, analowa kuchipinda, ndipo anatuluka ali mbee monga mwa masiku onse.

Ndinabwerera ku Kabwata mtima ukudumpha. Mzungu wa mphini! Amayi anali nazo mphini, zitatu zitatu m'masaya ndi kamzere pamphumi, zimene anawatema kuchinamwali, ndipo kwa ine panalibe mkazi wokongola kuwaposa. Ndinkawachonderera kawirikawiri kuti nanenso anditeme, iwo n'kumati sukulu ndi mphini siziyendera limodzi, aphunzitsi angandiseke. Tsono ndinaganiza kuti ndamvetsa zonse: Dona amabisa mphini zawo poopa kusekedwa ndi madona a ku Woodlands, monga momwe Amayi ankaopera aphunzitsi anga. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinatsimikiza mtima kuwasonyeza kuti mu Lusaka muno muli munthu mmodzi amene akuziona kukongola. Sindinafunse aliyense, poti pa msinkhu umenewo ndinkadziona wanzeru kuposa Kabwata yense. Loweruka mmawa ndinaba m'thumba la Ababa pensulo ija yolembera miyezo, imene ukainyambita imatulutsa inki yosachoka msanga, ndipo ndinakabisala kuseri kwa bafa ndi kagalasi kosweka. Ndinajambula mizere itatu, timadontho tinayi uku, tinayi uku, mosamala kuposa m'mene ndinalukirapo duwa lililonse. Anzanga amene ankasewera fulaye pabwalo anasiya mpira n'kunditsatira akukuwa kuti, "Shani iwe, wamela ndevu?" koma ine ndinayenda khosi lili neng'a mpaka kutauni.

Ndinawapeza Dona akuthira khofi. Atatembenuka n'kundiona, kapoto kaja kanagwa pansi ndipo sanakayang'ane n'komwe. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akuchita mantha ndi mwana. Anandigwira paphewa, zikhadabo kulowa m'mnofu, n'kundikokera pampopi wakuseri, ndipo anayamba kundikwecha pachibwano ndi sopo wochapira ndi bulashi yokwechera pansi. Ankakuwa m'chilankhulo chimene ndinali ndisanawamvepo, chosiyana ndi chimene ankalankhula ndi amuna awo, misozi ili chuchuchu. Inki inakana kuchoka, iwo anapitiriza kukwecha mpaka madzi a m'beseni anafiira. Amene anandilanditsa ndi Ababa. Analowa m'bwalomo, momwe anali asanapondemo chiyambire, n'kundinyamula. Dona ataona mwamuna wa mzuli akunyamula mwana wa mizere pachibwano, anagwa pansi n'kudziphimba kumutu ndi manja awiri.

Panjira Ababa anangonena chinthu chimodzi, kuti chimene Dona amakuwa chija chinali Chiarabu, ndipo sanandikalipire. Amayi ndiwo anandikoka khutu mpaka linatentha, kenaka n'kundipaka mafuta pabala akung'ung'udza. Masabata awiri anatha chitseko chakuseri chili chotseka. Ine ndinkakhala pansi pa makina a Ababa ndikutola timaulusi, bala likuuma n'kuchita nkhanambo, ndipo manyazi ankandidya kuposa ululu. Bwana Hagopu anauza Ababa kuti Dona sakudya, sakudzuka, ndipo akukana kujambulidwa. Akuti zakwana, amene anapita asiyidwe agone. Chisanu chinali kutha, mphepo ya fumbi inali itayamba kuulutsa mapepala m'misewu, ndipo kalata ya ku Siriya inkafunika kunyamuka mwezi womwewo kuti ikapeze wansembe asanauyambe ulendo. Ndinadziwa kuti Takuhi akapanda kupezeka ndine ndachititsa, ine ndi pensulo yobayo.

Amayi sanali munthu wolowa m'nyumba za azungu, ngakhale pamsewu wa Cairo sankakonda kudutsa. Koma Lamlungu lina masana anamanga miyendo nkhuku yathu yoyera, anavala chitenje chawo chosungira maukwati, n'kunditsogoza, poti kwathu mwana akalakwira wamkulu sapepesa yekha. Bwana anatitsegulira. Dona anali chigonere pakama, osadzola kanthu, mizere ija ili poyera. Amayi anagwada, anaika nkhuku pansi, anapepesa monga mwa mwambo, kenaka anakweza maso. Akazi awiriwo anayang'anana nthawi yaitali, aliyense akuwerenga nkhope ya mnzake.

"Mwanayu sanachite chipongwe, Dona," anatero Amayi. "Iye anaona kuti mwakongola. Kwathu izi timatema ng'oma zikulira, mwana akakula."

"Ine sibanavine," anayankha Dona m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Ine bananigwila chabe."

Ndipo anayamba kusimba, pang'onopang'ono, mawu akawasowa Bwana n'kumawathandiza. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene asilikali a boma anafika m'mudzi mwawo. Anayamba ndi kutenga amuna onse, bambo awo ali momwemo, n'kupita nawo kuseri kwa phiri, ndipo palibe anabwerako. Akazi ndi ana anauzidwa kuti atseke nyumba ayambe kuyenda. Anayenda mwezi, anayenda wina, kuchoka kumapiri ozizira kulowa m'dziko lopanda mtengo, anthu akugwa m'njira, otsala osaloledwa kuwakwirira. Amayi awo anasinthanitsa ndolo ndi madzi akumwa, kenaka nsapato, kenaka analibenso chosinthanitsa. Atazindikira kuti mawa sadzuka, anapereka ana awo awiri kwa Aluya oweta ngamila amene ankadutsa, kuti mwina kumeneko akadye. Anawo anapatsidwa mayina ena, anaphunzitsidwa mapemphero ena, ndipo tsiku lina akazi a m'mahema anawagoneka pansi n'kuwabaya pachibwano ndi singano yoviika m'mwaye, kuti aliyense wowaona adziwe kuti ndi a banja liti. Anayamba ndi wamkulu. Itafika nthawi ya Takuhi, amene anali ndi zaka zisanu, mkulu wakeyo anamugwira dzanja n'kumuuza kuti asalire, sizipweteka.

Nkhondo itatha, amishoni ankayenda ndi galimoto akutola ana a Aameniya m'mahema. Amishoniwo anawapeza Dona pachitsime, mtsuko uli m'manja. Mmawa womwewo anali atamuuza Takuhi kuti atsale, akupita kuchitsime, abwera posachedwa. Anakuwa kuti kuli mng'ono wawo, koma a galimoto ankaopa amuna a mfuti, ndipo pamene anabwererako patatha milungu anapeza mahema atasamuka, patangotsala phulusa. Kunyumba yosungira ana amasiye, atsikana a mizere pachibwano sankafunsiridwa. Anyamata a mtundu wawo womwe ankati anadetsedwa. Hagopu yekha, mnyamata wamasiye amene ankaphunzira kujambula, ndiye anawafunsira, ndipo anawalonjeza kuti m'zithunzi zake adzakhala monga anabadwira. Apa Bwana anatitengera pakathebulo ka galasi lowala pansi, n'kutionetsa ntchito imene sindinkaidziwa. Phaudala amanamiza maso a munthu, koma kamera imaona za pansi pake. Tsono chaka chilichonse akajambula, ankakhala pamenepo tsiku lathunthu ndi pensulo yosongoka ngati singano, akudontheza pafilimu kadontho ndi kadontho mpaka mizere yonse itazimirira. Anati maso awo anathera pachibwano chimenecho, ndipo sakudandaula.

Amayi anadzuka n'kuyenda m'mbali mwa khoma lija akuyang'ana chithunzi chilichonse, manja ali kumbuyo. Sukulu sanapiteko, zithunzi ankaziopa, koma mphini ankazidziwa. Anafotokoza kuti kwathu, m'masiku ogwira akapolo, anthu ankapita kukawombola abale awo patatha zaka zambiri, mwana atakula n'kuiwala chilankhulo, ndipo chimene ankayang'ana pomuzindikira si maso kapena mphuno. Kenaka anafunsa funso limene ndimalimvabe mpaka lero.

"Pepani Dona, ine sindidziwa zambiri. Koma mng'ono wanuyo, tsiku limene munapita kuchitsime, anakuonani muli ndi nkhope iti? Iyi ili pakhomayi, kapena iyo muli nayoyo?"

Nkhuku inkaphupha pansi. Woyamba kumvetsa anali Bwana Hagopu. Anapapasa mpando, anakhala pansi, n'kuvula magalasi. Zaka zonsezo, ndi chikondi chawo chonse, ankafufuta chinthu chokhacho chimene mwana wamng'ono akanakumbukira pankhope ya mkulu wake. Ndinaona mwamuna wa imvi akulira mapewa akugwedezeka, ndipo Dona ndi amene anadzuka pakama kukawagwira mutu.

Dona anajambulidwa mawa lake mmawa. Anasukusula ndi madzi okha, anamanga tsitsi kumbuyo, n'kukhala pampando wa makasitomala moyang'ana kuwala kwa pawindo. Anapempha kuti Amayi akhale pansi pafupi nawo, pomwe kamera siona, awagwire dzanja. Bwana sankaonanso bwino m'galasi la kamera, choncho anandikweza pabokosi, anandifunditsa nsalu yakuda, n'kundiuza kuti ndinene mizere ikaoneka bwinobwino. Ndinawaona Dona atazondoka m'galasimo, mutu pansi, Bwana akupotokola pang'onopang'ono mpaka timadontho tonse tinawerengeka. Ndinati basi. Chithunzi chimenecho sanachikhudze ndi pensulo, ndipo chinapita kupositi tsiku lachitatu.

Kenaka kunatsala kudikira. Kunja kunatentha, majakaranda anachita maluwa n'kuwayoyola m'misewu ya azungu, ndipo madzi anayamba kuvuta pampopi wa ku Kabwata moti tinkandandalika zidebe n'kumasewera phada pambali podikira kuti adonthe. Apolisi ankayenda ndi galimoto kufunsa zitupa, amuna ankanong'onezana za misonkhano yokana Chitaganya, koma ine ndale zanga zinali wapositi ndi njinga yake. Ndinabwerera ku ulusi ndi singano. Dona anayambanso kudzola phaudala potuluka panja, koma m'nyumba ankakhala osadzola, ndipo nthawi zina ankandigwira pachipsera n'kupukusa mutu. Windo ankatsekabe nthawi ya swala, koma tsopano mopanda phokoso.

Yankho linafika mitambo itayamba kusonkhana, tsiku lotentha lopanda mphepo, nyerere zikusamutsa mazira m'mbali mwa khonde. M'envulopu munali mapepala awiri. Loyamba linali la wansembe, lalifupi, ndipo Dona analiwerenga okha. Ankati m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje, mayi wina wachisilamu, wa ana akuluakulu, anagwira chithunzicho n'kukana kuchibweza. Mizere yake inali yofanana. Koma wansembeyo anachenjeza kuti asafulumire kukondwa, poti akazi a banja limodzi ankabayidwa mofanana, ndipo mayiyo salankhula Chiameniya, ngakhale dzina loti Takuhi sakulidziwa. Pepala lachiwiri linali mawu a mayiyo, olembedwa ndi mwana wake wamwamuna m'zilembo za Chiarabu. Apa ndi pamene anagwira njakata. Dona ankamva Chiarabu, poti chinawalowa ali mwana ngakhale anatha zaka makumi anayi akuchikana, koma sanaphunzirepo kuchiwerenga. Bwana sankachidziwa, ndiponso maso analibe. Dona anakhala ndi pepalalo m'manja kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka ndinawaona akutuluka pakhonde, osadzola kanthu, n'kuima patsogolo pa makina.

"Ba telala," anatero, koyamba chiyambire kuwaitana. "Imwe muziba kubelenga ivi?"

Ababa anaimitsa makina, anapukuta manja, n'kunena zoona: zilembozo anaphunzira kumadarasa ali mnyamata, amatha kuzitchula monga amachitira powerenga Kurani, koma tanthauzo sadziwa. Dona anati tanthauzo awasiyire iwo. Ababa anavula nsapato, ndipo atafika pakhomo la chipinda cha zithunzi chija anagwira mzuli wawo n'kuwayang'ana Dona ngati akufunsa. Dona anati ausiye. Mzere woyamba unali uja wotchula dzina la Mulungu, umene Msilamu aliyense amaudziwa pamtima, ndipo Ababa anautchula mosadodoma. Ndinaona Dona akutsinzina, zala zikufinya nsalu ya pathebulo, koma anati apitirize. Kuchokera pamenepo inali ntchito yakalavulagaga. Zolemba pamanja sizikhala ndi tizizindikiro tija tothandiza kutchula, choncho Ababa ankayesa liwu lililonse kawiri katatu, thukuta likutsika, mpaka Dona atalizindikira n'kulitchula bwino, kenaka n'kutimasulira. Wina ankawerenga zimene samva, wina ankamva zimene sawerenga, ndipo kalata ya tsamba limodzi inatha ola lathunthu.

Mayiyo ankati ali ndi ana asanu ndi mmodzi ndi zidzukulu, mwamuna wake anamwalira, ndipo sanazunzike kuposa akazi ena. Ankati nkhope ya amayi ake saikumbuka, mudzi saukumbuka, ndipo sakudziwa ngati mayi wa m'chithunzi ndi mbale wake kapena ayi. Koma anali ndi zinthu ziwiri zofunsa. Kodi ndinu amene munandigwira dzanja n'kundinamiza kuti singano sipweteka? Inapweteka. Kodi ndinu amene munati mukupita kuchitsime, mubwera posachedwa? Ndinakhala pakhomo la hema mpaka anachita kundinyamula. Pofika apa Dona ankamasulira monong'ona. M'munsi mwake mwana wolembayo anawonjezera zake, kuti pali liwu lina limene amayi ake amatchula okha akamapita kotunga madzi, ndipo palibe m'banjamo amene amadziwa tanthauzo lake, ngakhale eni ake omwe. Analilemba palokha pansi penipeni. Ababa analimbana nalo, "kawa, kuwi, kuyira," n'kupukusa mutu kuti limeneli silikumveka ngati Chiarabu. Dona anaimirira, mpando kugwa kumbuyo kwawo.

"Kuyirik," anatero. "Kuyirik! Ni chitundu chathu."

Linali liwu la Chiameniya. Bwana Hagopu ndiwo anatimasulira, ndi liwu limene ankatimva ife tikuitanirana pakhonde: achemwali.

Dona ndi Takuhi sanaonane. Ndinene zimenezi poyera kuti wina asaganize kuti ndikusimba nthano. Situdiyo inagulitsidwa, Bwana anachita khungu, ndipo ulendo wa ku Siriya unali wautali kwa anthu awiri otopa, opanda dziko lowapatsa mapepala oyendera. Koma makalata anayenda zaka zinayi, ndipo onse ankawerenga ndi Ababa, khofi ali pambali, windo lili lotsegula. Lero kamsewu kaja sindikazindikira, tinyumba ta udzu ta ku Kabwata tinatsala towerengeka toonetsa alendo, ndipo akazi a mphini ngati Amayi anatha, moti adzukulu anga amaona ngati ndikupeka. Ndinatsala ndi duwa limodzi la ulusi ndi kachipsera pachibwano. Pa anthu onsewo, amene ndimawaganizira kwambiri ndi Bwana Hagopu, chifukwa ndaona kambiri anthu abwino akufufuta mabala a okondedwa awo poganiza kuti akuwachitira chifundo, ndipo nanenso ndachitapo kwa ana anga. Sindiwaweruza, ndimangowamvera chisoni. Mizere imene Dona ankadana nayo moyo wawo wonse ndi imene inawabwezera mng'ono wawo.

Kalata yoyamba yoyankha inalembedwa mawa lake, mvula isanagwe. Dona ankatchula Chiarabu pang'onopang'ono, Ababa akulemba mawuwo monga akumvekera, ndi pensulo yomwe ija imene ndinaba. Inali yaifupi kwambiri moti Ababa atamaliza anadikira, akuganiza kuti kukubwera zina. Dona anati yatha. Ababa anapinda pepalalo, anazengereza pang'ono, kenaka anafunsa mwaulemu kuti kodi dzanja lawo lalemba chiyani.

"Mwalemba kuti ndine," anatero Dona. "Mwalemba kuti, Takuhi, nikhululukile. Nachedwa ku chisime."